Ta-ta Pamanda a Atate a Tisa

"Amake Tisa, kodi mwana uja anakamba chiyani kuti anthu amenyane pamanda?" Anandifunsa choncho mayi woyandikana nane kuno ku Kabwata. Ndifotokoze mmene zinayendera.

Tsiku loika maliro a amuna anga ndinadzuka kusanache, azimayi a kutchalitchi atasasa mawu ndi nyimbo. Panja amuna ankaotha moto, mphepo ya Juni ikuwaza phulusa m'miphika. Abale a amuna anga anali atafika kuchokera ku Luapula. Kwawoko amalankhula Chibemba.

Malemu ankasamalira maluwa kwa gogo wina wachizungu ku Kabulonga. Gogoyo akamatuluka pageti ankati "ta-ta." Anawauza amuna anga kuti si Chingelezi cha m'mabuku, ndi katsanzikidwe ka makanda a kwawo amene lilime silinakhwime, akulu anangotengera. Kumasulira kwake n'kuti tsalani bwino, basi. Amuna anga anabwera nawo kunyumba mawuwo, ndipo Tisa, amene akungoyamba kulankhula, anawagwira. Aliyense wochoka amamutsanzika choncho.

Tinanyamuka dzuwa litakwera, galimoto ya bokosi patsogolo, ife m'minibasi ya mnzawo wa malemu, dalaivala ali mwini wake yemweyo. Kumanda fumbi linali koboo. Titaika nkhata, dalaivala uja anandipepesa n'kutembenuka kuti akalize basi. Tisa ali kumsana kwanga anatukula kadzanja.

"Ta-ta! Ta-ta!"

M'Chibemba, tata ndi bambo.

"Mwamvela?" anakuwa akulu awo a malemu. "Aitana ba tata bake! Pamanda pa mufana wanga!"

"Ba mulamu, akutsanzika chabe!" ndinatero.

Sanandimve. Anatola fosholo yokwirira n'kumutema nayo kumaso dalaivalayo. Dalaivala anagwera pamtumbira, magazi akunyowetsa maluwa. Anyamata anamupondaponda. Mlongo wa malemu anandikoka duku, chibakera chinandipeza pakamwa. Ndinakokera Tisa kutsogolo n'kumufungatira, msana ndinawasiyira. Abusa ankakuwa, koma mawu awo ankapita ndi mphepo. Azimayi a kutchalitchi ndiwo anandizinga n'kundikokera kumsewu.

Pofika kunyumba madzulo tinapeza alendo atapita, osadya n'komwe. Anatenga bedi ndi njinga ya malemu, n'kusiya mawu akuti mwana wa eni sadya za mbale wawo. M'nyumba munali zii. Ndinasambitsa Tisa, ndinatsuka mkamwa ndi madzi a mchere, ndinakhala pansi.

Dalaivala wataya diso. Ine ndataya mwamuna, dzino ndi mbiri yanga. Tisa wataya atate ake, ndi mtundu wawo wonse.