Tsiku Limene Eveless Anadzutsa Mutu

Inu amene mwatopa ndi kukanidwa, khalani pansi ndikuuzeni za Eveless.

Mtsikanayu anaphunzira mpaka kutenga PhD, digiri yapamwamba kwambiri, pa matenda a mtedza. Koma mukanamufuna masiku amenewo, mukanamupeza ku Area 2, m'sitolo ya nsalu ya mayi Kulsum, akuyeza zitenje. Abale inu, zinali zomvetsa chisoni.

Nzeru anali nazo zochita kusefukira. Vuto linali khosi. Ku yunivesite, munthu akafuna ntchito yophunzitsa ndi kuchita kafukufuku, amamuimika kutsogolo kuti aphunzitse, mapulofesa atakhala pa mipando ya ophunzira. Tsono Eveless analeredwa ku Nsaru, kumene mwana sayang'ana wamkulu m'maso. Akangoona imvi, maso ankagwa pansi, mawu n'kuthawira kummero. Ankachita kuphunzitsa nsapato zake! Chaka chino amukana, chaka chinacho amukananso.

Masana makasitomala akachepa, ankatambasula chitenje n'kuiwala kumene ali. Timaluwa tondondozana ta pachitenjepo tinkasanduka mizere ya ophunzira. Kenako tinkasanduka minda ya mtedza yobiriwira, yopanda ndi tsamba limodzi lomwe lodwala, kamphepo kakuigwedeza pang'onopang'ono mpaka kumapiri.

"Eveless, wapitanso kutali?" ankatero mayi Kulsum akuseka.

Kenako ku yunivesite kunapezeka malo a ofufuza amene angomaliza kumene PhD. Kwa Eveless unali mwayi wotsiriza. Akanauphonya, chaka chotsatira akanamuwerengera m'gulu la akalekale, khomo n'kutsekeka.

"Mayi, ndikaona akuluakulu khosi limapinda lokha," anadandaula. "Kodi ndiphunzire mwano?"

"Ayi mwanawe," anayankha mayi Kulsum. "Muno akalowa agogo, suwapatsa moni kaye? Ukatero umawauza mosabisa kuti nsalu iyi isuluka, tengani iyo. Ulemu upereke poyamba, wonse, uthe. Kenako gwira ntchito."

Tsiku lokayesedwa litafika, minibasi imene anakwera inadutsa m'mbali mwa Area 47 mitengo ya jakaranda ikuwaza maluwa mumsewu. Eveless ankangoona ngati akuyenda m'maloto, koma mantha anali nawo.

M'chipinda choyeseramo, kutsogolo kwenikweni, munakhala pulofesa wa imvi yemwe uja amene anamukana zaka zam'mbuyomo. Eveless anapita kutsogolo. Anagwada pansi, nawomba m'manja mofatsa.

"Zikomo akuluakulu, ndakuonani."

Anthu anayang'anana modabwa. Iye anadzuka, nasasa fumbi pa siketi, nadzutsa mutu.

"Tsopano, mpaka nthawi yanga itatha, nonsenu ndinu ana anga a sukulu."

Anatulutsa m'chikwama tsinde la mtedza lopinimbira, masamba ake achikasu opiringizika, nalikweza m'mwamba. Mawu anatuluka omveka mpaka kukhomo.

"Ndani andiuze chimene chadwalitsa mbewu iyi?"

Kenako pulofesa uja, pang'onopang'ono, anakweza dzanja ngati mwana wa Sitandade 1, n'kudikira kuti aloledwe kuyankhula.

Ntchito anaipeza. Atapita kukatsanzika ku sitolo, mayi Kulsum analira misozi yachisangalalo, makasitomala akungodabwa.

Inu amene mukuganiza kuti munthu sangakwere osataya khalidwe la kwawo, Eveless sanataye kanthu. Poyenera kugwada, gwadani ndithu, palibe chamanyazi. Koma mukatero dzukani, mudzutse mutu, anthu amve chimene mwabwera nacho. Osataya mtima, abale anga.