Uthenga wa maliro womwe ndinatumiza pa foni

Foni yamakono ndinaigwira mochedwa, ana onse atakula kale, koma inandilowa ngati thekenya. Ndinali m'magulu asanu ndi limodzi: la amayi a kutchalitchi, la anzanga akale a kusukulu, la mzere wathu ku Chilomoni, ndi ena omwe sindikumbuka n'komwe amene anandilowetsamo. Ikalira, mtima unkati phaa. Ikakhala chete, mtima unkagundabe, poganiza kuti pali nkhani ina ikundipita. Kuchipatala ankati magazi anga akuthamanga chifukwa cha mchere, koma ine ndinkadziwa kuti mcherewo ukungonamiziridwa.

Chomwe chinkandikoma kwenikweni chinali kukhala woyamba kuuza ena. Amuna anga ankandinena kuti ndine wailesi ya mzere wonse, ine n'kumaseka.

Tsiku lina m'mawa ndikuyanika zovala, ndinamva kulira kuseri kwa mpanda. Bambo oyandikana nafe, omwe anagonekedwa kuchipatala sabata ziwiri, anali atatisiya. Kwathu kuno uthenga wa maliro sauthamangitsa. Akuluakulu amapita okha kwa ana, kuwakhazika pansi, kuyamba ndi zakuti matenda akula, kenako n'kunena. Izi ndimazidziwa kuyambira ndili mtsikana. Komabe, manja adakali onyowa ndi sopo, ndinalemba pagulu la mzere wathu kuti mzimu wawo uuse mumtendere, n'kuika ndi chithunzi chawo chomwe. Ndinaiwala kuti mwana wawo wamkazi, wokwatiwa ku Machinjiri, analinso pagulupo. Amalume ake anali asananyamuke n'komwe kukamuuza.

Mwanayo sanandikalipire. Pamaliro tinatunga madzi limodzi, tinaimba limodzi. Patapita sabata ndinakwera minibasi kukapepesa, foni nditaisiya kunyumba, ngakhale dzanja linkangoisakasaka m'chikwama njira yonse.

Anandipatsa mpando, n'kundifunsa za miyendo yanga yomwe imatupatupa. Kenako ndinanena chomwe ndabwerera.

"Amayi, ine ndinali m'minibasi, ndikupita kuchipatala konko," anatero. "Phala lawo linali pamwendo, likadali lotentha. Uthenga wanu ndinauwerenga ndili pakati pa anthu osawadziwa. Amene anandigwira dzanja potsika ndi kondakitala."

Manyazi anandigwira. Mwana ameneyu ndinkamubereka kumbuyo amayi ake akapita kumsika. Anadzuka kukatereka madzi a tiyi, ine n'kutsala ndekha pabalaza, manja ali pamwendo.