Mphasa Zimene Ndinachotsa Kudenga

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anakhoma malata. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo mbatatesi yathu inali itayenda bwino pamsika wa Lizulu. Koma ndiye kunyada ine! Ndinkayenda ngati malatawo ndagula ndine.

Juni atafika, nyumba ija inatitembenukira. Kwathu kumtunda kwa Ntcheu chisanu sichiseka ndi munthu. M'mamawa malata ankadontha madzi ozizira, mphepo n'kumalowera pampata wa pakati pa khoma ndi denga. Mayi anali ndi khanda lobadwa masiku osakwana, mlongo wanga Yohane. Iwo sanafunse munthu. Anamangirira mphasa zitatu kumitanda ya m'chipinda mwawo, pamwamba pake n'kuyala udzu, mpata uja n'kutseka ndi sanza.

Zinandinyansa kwabasi. Nyumba ya malata kuvalanso udzu? Loweruka lina anzanga akusukulu anati abwera kudzaiona. Mayi atapita kuchigayo ndi mwana kumbuyo, ndinakwera pamtondo n'kudula luzi lonse. Mphasa ndinakaponya kuseri kwa khola, mbuzi n'kuzinyenyanyenya. Anzanga aja anafika, anayang'ana m'mwamba, anati, "Eee, ndi malatadi," n'kuthamangira kukasewera fulaye. Basi, zonse zinathera pomwepo.

Mayi sanandimenye, ndipo bola akanandimenya. Mphasa zina panalibe. Tsiku lachitatu Yohane anayamba kupuma mobanika, nthiti zikulowa m'kati. Anathamangira naye kuchipatala cha mishoni ku Nzama, kumene anamugoneka. Chinali chibayo.

Bambo atabwera kudzatenga bulangete anandiuza mosakweza mawu, "Anamwino akuti akatuluka asakagonenso pozizira. Ndiye iwe Esinati uone chochita."

Ndinalira, kenako ndinapukuta misozi, n'kulumbira kuti mwanayo sadzalowa m'chipindamo ndisanakonze. Ndinapita kwa amalume, amene anali mmisiri womanga nyumba. Iwo anali ndi mankhusu a mpunga ochokera kuchigwa, oti aziyala m'khola la nkhuku.

"Tenga," anatero. "Chofunditsa nyumba si kulimba kwa denga ayi. Ndi mpweya umene wakodwa m'tinthu topepuka ngati timeneti. Ndiwo umatsekereza chisanu, ndiwonso umatsekereza dzuwa la Okutobala. Koma usatsendere, asiye apume."

Masiku anayi sindinaponde kusukulu. Ndinadula nsungwi kudambo, ndinazing'amba, ndinaluka zitsatsa zoti zigwire mankhusuwo kudenga mpaka zala zonse zinachekeka. Mankhusu ndinathira m'matumba a feteleza n'kusoka kuti akhale ophwatalala ngati mapilo. Kuyabwa kwake, mayo ine! Khosi lonse linatuluka zidzolo. Chitsatsa choyamba chinagwa nditangochimanga, mankhusu mbwee pansi. Ndinatola ndi manja n'kuyambiranso. Bambo anangondithandiza kumanga mitanda yapamwamba, zotsalazo anandisiyira dala.

Yohane anatuluka tsiku lachisanu ndi chimodzi. M'mawa mwake ndinalowa m'chipinda muja n'kukhudza bulangete lake. Linali louma, m'nyumba muli mofunda. Mayi anandiyang'ana n'kungoti, "Katunge madzi." Ndinadziwa kuti andikhululukira.

Masiku ano m'masitolo muli zinthu zamakono zoyala kunsi kwa malata, zina zonyezimira, zina zofewa ngati thonje. Komabe ndimaona anthu akuwonongera ndalama penti yakunja, siling'i n'kumati adzaika mtsogolo, chifukwa odutsa pamsewu saiona. Ine sindiwaseka, poti mtima umenewo ndimaudziwa bwino. Ndinaphunzira mowawa kuti nyumba ndi ya ogonamo, osati ya oiyang'ana.

Yohane anakula, pano ndi mphunzitsi ndipo ali ndi ana ake awiri. Koma Juni aliyense chifuwa chimamugwira, amapuma molira, n'kumauza anthu akuseka kuti anabadwa choncho. Mayi ndi bambo anapita osamuuza kanthu, ine ndakhala chete zaka zonsezi. Ndikudziwa kuti nyuzi ino amawerenga.

Yohane, mlongo wanga, sunabadwe choncho. Amene anadula luzi lija ndine.