Atsibweni Kuseri kwa Nsalu Yoyera

Kwa Wimbe, ukafunsa za a Fredson Kalekeni, anthu amayamba akuuza za fodya wawo, kenako za jekete lawo. Fodyayo ndi wa masamba aatali, osabooka, woti ngakhale ogula ku okushoni ya ku Chinkhoma amamugwira mwaulemu. Jeketelo ndi lakuda, ndipo limatuluka m'sutikesi pa masiku akuluakulu okha: logulitsa fodya, la Mgonero ku tchalitchi, ndi limene mbumba ili ndi nkhani.

Pajatu a Fredson ndiwo mwini mbumba. Mwa alongo awo ndi ana a alongowo, palibe amene amakwatiwa, kusamuka kapena kugulitsa mbuzi asanamve mawu awo. Si munthu wankhanza, ndipo kawirikawiri amavomera. Vuto ndi lakuti asanafike pa "eya" amayamba akutsokomola, n'kudutsa kwa makolo amene anabwera kudzagwetsa mitengo pamalopo, n'kuima pang'ono pa kukwera mtengo kwa feteleza. Akazi awo, a Lusiya, amachenjeza aliyense kuti, "Ngati mukukapempha chilolezo kwa bambo a Sankhani, idyeranitu."

Ana awo onse, kuyambira Sankhani woyambayo, ndi aamuna, ndipo anakula n'kumwazikana. Choncho pamene mlongo wawo wotsiriza, Liness, anabereka mwana wamkazi, mwamuna wake Esau ali ku Joni kumene amawotcherera zitsulo, a Fredson anapita kukamuona mwanayo ndi nkhope ya udindo. Anabwerako ndi nkhope ina. Esau anatchula dzina pafoni kuti Tamara, koma a Fredson ankamuitana kuti "Amayi", poti chipumi chake chinali cha malemu mayi awo ndendende.

Tamara atangoyamba kuyenda, ulendo wake woyamba unali wa ku chigafa. Ankawapeza atsibweni ake akusoka fodya, n'kukwera pamiyendo pawo ngati pampando umene anagula yekha. A Fredson amakonda kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi akamagwira ntchito. Kuimba kwawo n'koti a kwaya anawapempha mwaulemu kuti azingothandiza kuomba m'manja. Koma Tamara, ngakhale alire chotani, akangomva kung'ung'udza kumeneko ankati zii, maso ali tong'o, ngati akumvetsera nkhani yofunika.

Chaka chimene mwanayo ankayandikira zaka ziwiri, fodya ali mkati mosankhidwa, Liness anabwera nagwada pakhomo pa chigafa.

"Achimwene, bambo a Tamara apeza nyumba. Akuti tipite."

"Mupite ndani ndi ndani?"

"Ine ndi mwana. Pasipoti yanga ilipo kale. Yatsala ya Tamara."

"Pasipoti? Munthu woti mano sanathe kumera? Akuopa kuti akaba chiyani kumeneko?"

Liness sanaseke. Anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi chala. "Kuli ntchito imene andisungira, ndipo sadikira mpaka kale. Ya mwana ikakanika, ndimusiya ndi inu ndi alamu."

Mawu otsirizawo anatuluka movutikira. A Fredson anamva kuvutikako. Koma anamvanso mtima wawo ukudumpha ndi chimwemwe, ndipo anachita manyazi mpaka anatsokomola.

"Nkhani imeneyi ndiiganizire," anatero.

Iwo sankakayika kuti boma silingalole mwana wa m'mbumba mwawo kutuluka m'dziko popanda dzanja lawo. Masiku otsatira a Lusiya ankawapeza akuyeserera kusayina kuseri kwa thumba la feteleza, akukokera mchira wa chilembo chotsiriza mpaka kumphepete.

"Ndiye mwavomera?" anawafunsa.

"Kuyeserera si kuvomera."

"Thumbalo ndiye lavomera kale kambirimbiri."

Tsiku lopita ku boma, jekete linatuluka. M'thumba la pachifuwa munali cholembera chatsopano. Ulendo wonse Tamara anakhala pamiyendo pawo akukoka mabatani, ndipo iwo anali asanadziwebe ngati akasayine kapena akanene kuti mwana ayambe wakula.

Mu ofesi anapezamo mtsikana waulemu, dzina lake lili pachifuwa: Evelyn. Anaona mapepala a Liness, kenako anayang'ana a Fredson, amene anali atatsokomola kale, cholembera chili m'manja.

"Inu ndinu bambo ake a mwanayu?"

"Ndine atsibweni ake. Mwini mbumba."

"Zikomo kwambiri. Pano timafuna chilolezo cha mayi ndi bambo. Bambo ake anatumiza kale chawo, mayi ake ndi awa. Inu mukhoza kukhala pabenchi apo, bambo, mupumuleko."

"Mwina simunamve, mayi. Mwanayu sangapite ngakhale kwa Lukwa pafupi pompa ine osadziwa."

"Ndamva, bambo. Nanenso atsibweni ndili nawo. Koma papepalapa palibe malo awo."

A Fredson anasuzumira papepalapo kuti aone okha. Panalibedi. Anabweza cholembera m'thumba pang'onopang'ono, ngati munthu amene anangochitulutsa kuti chipitidwe mphepo.

"Chatsala ndi chithunzi," Evelyn anauza Liness. "Maso otsegula, pakamwa potseka, makutu onse aoneke, kumbuyo koyera. Ndipo pasaoneke munthu wina aliyense, ngakhale chala."

Atatuluka panja, a Fredson anapereka mwana kwa mayi ake. "Poti ine papepala palibe, mundipeza apo," anatero, akuloza mtengo umene anyamata a kabaza amayembekezerapo anthu. Anagula nzimbe, nakhala pamuzu moyang'anana ndi kanyumba kojambulira zithunzi ka mnyamata wina dzina lake Dominic. Khomo linali lotsegula, moti zonse ankaziona.

Tamara atangoikidwa yekha pampando, nyali ikumuwalira kumaso, munthu wachilendo ataphimba nkhope ndi chinthu chakuda, anatsegula pakamwa. Anatseka maso, natulutsa mfuu yoti mbuzi imene inkadutsa inabwerera. Dominic anagwedeza makiyi. Analiza mluzu. Analira ngati tambala. Anamupatsa switi, ndipo mwanayo anatonthola, koma tsaya linatupa mbali imodzi, dovu lili chuchuchu. Atamulanda switiyo zinthu zinafika poipa kuposa poyamba. Liness akamugwira, dzanja linkaoneka. Akamusiya, mwana ankatsetsereka n'kuthawira kukhomo.

"Mwana ameneyo akumuchotsa dzino?" anafunsa mnyamata wina wa kabaza.

"Akumujambula," anayankha a Fredson, akusenda nzimbe ndi mano.

"Ndiye sizitheka zimenezo, madala. Wanga anakanika. Tinangobwerera."

A Fredson anatafuna. Apa ndi pamene anaona kuti chilolezo chimene anawakaniza mu ofesi chawatsatira pansi pa mtengo. Sankafunika kukana, sankafunika kulankhula. Ankangofunika kumaliza nzimbe yawo. Dzuwa likapendeka Dominic atseka, Liness akwera basi yekha, ndipo chaka chamawa Amayi adzakhala ali pamiyendo pawo m'chigafa, akuwasokonezera masamba. Anaziona bwinobwino, ndipo zinali zokoma kuposa nzimbeyo.

Kenako Liness anatulukira pakhomo, mwana akuphiriphitha m'manja mwake. Sanawaitane. Anangoima, napukuta maso ake ndi nsonga ya chitenje, mwachangu, kuti anthu asaone. A Fredson anakudziwa kupukuta kumeneko. Ndi mmene ankachitira ali kamtsikana, mayi awo akapita kumunda n'kumusiya kumsana kwa mchimwene wake. Analavula zotafuna zija, napatsa wa kabaza nzimbe yotsalayo, nawoloka msewu.

"Ndipatse kuno Amayi anga."

Mwanayo anagwera pachifuwa pawo, nasisima kawiri, natonthola.

"Ehe! Mankhwala ake ndi amenewa!" anatero Dominic. "Koma inu musaoneke, madala. Jekete lakuda, manja akuda..."

"Ndi phula la fodya ili. Si litsiro."

"Kamera sidziwa fodya."

Dominic anaganiza pang'ono, kenako anachotsa nsalu yoyera imene inali pakhoma. Anawakhazika a Fredson pampando, nawafunditsa kuyambira kumutu mpaka kumawondo, jekete, cholembera ndi udindo wonse. Tamara anamukhazika pamiyendo pawo pamwamba pa nsaluyo, iwo atamugwira m'chiuno ndi manja obisika.

"Weramani pang'ono, mutu wanu ukuoneka ngati chulu."

Chulu chinawerama.

"Musapume kwambiri, nsalu ikugwedezeka."

"Ndife kuti mwana apite ku Joni?" anafunsa mawu ochokera m'nsalu.

Liness anaseka misozi ili m'maso. Koma Tamara, poona kuti atsibweni ake asowa, anayamba kupinda mlomo wam'munsi. Dominic anagwira kumutu. Pomwepo m'nsalu muja munayamba kutuluka kung'ung'udza, kopotoka monga mwa masiku onse, kokwera pamene nyimbo imatsika. Mwanayo anati zii. Anatseka pakamwa, natong'ola maso, nayang'ana kutsogolo ngati mayi wamkulu amene akumvetsera mlandu.

Nyali inang'anima.

Atawavundukula, nkhope ya a Fredson inali yonyowa. "Mukutentha umu," anatero, ngakhale panalibe amene anawafunsa.

Liness anagwada. "Zikomo, achimwene."

"Dzuka, ukudetsa chitenje." Anakonza kolala ya jekete, natsokomola. Liness anayembekezera makolo ogwetsa mitengo ndi feteleza. Koma iwo anangoti, "Mupite. Uzimufunditsa, ndamva kuti kumazizira."

Zotsala zinayenda mwa dongosolo lake. Liness anapita ku Lilongwe, pasipoti inatuluka, ndipo mabelo otsiriza asanapite ku okushoni, mayi ndi mwana anakwera basi. Masiku oyamba m'chigafa munali zii, a Fredson osang'ung'udzanso. A Lusiya amati anayamba kulakalaka kuimba koipa kuja, chinthu chimene sanaganizepo kuti chingawachitikire.

Chithunzi chimodzi chinatsala, ndipo chimakhala m'thumba la pachifuwa la jekete, m'mene munali cholembera. Ukakumana nawo ku Chinkhoma kapena pabwalo la tchalitchi, sungathawe. Amachitulutsa, n'kuchigwira m'mphepete kuti phula lisachidetse.

"Mukuona chiyani apa?"

"Mwana wokongola."

"Kumbuyo kwakeko?"

"Kulibe kanthu. Koyera basi."

"Ameneyo ndine," amatero, akugogoda ndi chikhadabo. "Ankati papepala palibe malo anga. Lero ndili m'pasipoti mwenimweni, chidindo cha boma chili pambali panga. Zipata zonse za m'malire ndinadutsa, asilikali akundiyang'ana chonchi, palibe anandifunsa kanthu. Ku Joni ndinafika ine."

A Lusiya akakhala pafupi amawonjezera kuti, "Ndipo ndi tsiku lokhalo limene anapereka chilolezo anthu asanamve njala."

Nthawi zina Loweruka masana foni imalira, ndipo a Fredson amamva mawu a Esau, otopa, kumbuyo kwake kukumveka mfuu yodziwika bwino. "Alamu, pepani, tathandizani." Pamenepo amalowa m'chigafa, n'kukhala pa mpando wawo wosokera fodya, foni ili pakamwa, n'kuyamba kung'ung'udza.