Malikisi Ofanana

Ndikukumbukira kulira kwa kabokosi ka batire magetsi akazima, tii, tii, m'chipinda cha makompyuta pasukulu yathu ku Mangochi. Ndinali Fomu 2. Makompyuta amoyo analipo atatu okha, ndipo imodzi inali ngati yake ya Blessings, mwana wa msilikali.

Makolo anga atamwalira ndinkakhala ndi agogo, omwe ankawamba nsomba ku Nkopola. Yunifolomu yanga inkanunkha utsi. Ndikayandikira, Blessings ankatseka mphuno.

"Iwe Kausipa, choka apa! Uwoletsa kiyibodi."

Nditawauza agogo kuti ndimuswa mano, sanatembenuke n'komwe. "Ukamumenya akuchotsa sukulu, ine ndilibe kwina kokupititsa."

Choncho ndinangomusungira.

Aphunzitsi, a Gondwe, anatipatsa ntchito yolemba pulogalamu yosanja ophunzira kuyambira woyamba mpaka womaliza. Posowa kompyuta, yanga ndinkailemba m'kope, n'kumayendetsa mzere uliwonse ndi pensulo ngati makinawo ndine. Apo ndinatulukira kuti awiri akapeza malikisi ofanana, dzina limodzi linkasowa. Ndinakonza. Kenako ndinayamba kumaima kumbuyo kwa Blessings. Iye ankayesa ndi mayina atatu omwewo, malikisi osiyana, ikagwira n'kuwomba m'manja.

Masabata atatu sindinamuuze kuti yake ili ndi vuto lomwe lija, koma ndinkagona ndikumwetulira.

Tsiku la makolo, Blessings anaonetsa yake, bambo ake ali kutsogolo. Ndinakweza dzanja.

"Aphunzitsi, tayesani Amina ndi Blessings, onse 70."

A Gondwe analemba. Pagalasi panatuluka dzina langa lokha, Amina.

"Nanga mwini wake wapita kuti?" anafunsa mayi wina, chipinda chonse n'kufa ndi phwete. Bambo ake a Blessings sanaseke. Anamuyang'ana, n'kutuluka.

Sindinama, zinandikoma, ndipo mpaka lero sindinapepese. Panopa ndimalemba mapulogalamu ngati ntchito, ndipo ndikamaliza imodzi ndimakhala pansi n'kuiyang'ana ngati waolemba ndi mdani wanga. Ndimafunsa chomwe sanayese, pomwe wathamangira, chomwe chingamuchititse manyazi pagulu. Ambiri amaphunzira kusamala chifukwa chokonda ntchito. Ine chinandiphunzitsa ndi chidani, ndipo ndinachedwa kuzindikira kuti ndikhoza kusunga kusamalako, chidanicho n'kuchisiya.

Lolemba lake Blessings anandipeza pansi pa mtengo wa mango. Sanatseke mphuno. Anandiponyera pamiyendo mapepala anayi, pulogalamu yatsopano yolembedwa pamanja.

"Iphe nayonso, tione," anatero, n'kumapita.