Mwana Wonjutira Mbuzi

M'dera lonse la Neno, kuchokera ku Matope kukafika kumapiri a ku Nsambe, kunalibe bambo wodziwa kulera mwana kuposa ine. Izi ndikunena modzichepetsa. Ndinaphunzira za kaleredwe ka ana ku koleji ya aphunzitsi kwa miyezi isanu yathunthu, mpaka pamene akuluakulu a kumeneko ndi ine tinagwirizana kuti maphunzirowo apitirire popanda ine. Ndinabwerera kumudzi ndi jekete, buku limodzi lothothoka chikuto, ndi maganizo ambiri.

Umboni wa luso langa unali mwana wathu wachisamba, wamwamuna, wobadwa nkhondo yaikulu ija itangotha. Mwanayo kuyenda sankakudziwa. Kumutuma mchere, liwiro. Kumuitana, liwiro, kawirikawiri lolowera kwina. Koma akathamanga pang'ono ankaima n'kunjuta, mawondo pachifuwa, ali phee. Kwathu mwamuna amanjuta pamaso pa akulu, ndiye anthu ataona zimenezi anagwira pakamwa.

"Aphunzitsi," anatero mkulu wa mpingo, poti ankanditchula choncho ngakhale ndinalibe sukulu, "mwana wa zaka zinayi ulemu wotere? Mwamuphunzitsa bwanji?"

"Ndi njira za m'mabuku," ndinatero.

Vuto linali loti ulemuwo unalibe malire. Ankanjutira akulu, inde. Ankanjutiranso nkhokwe, chulu, ndi mtengo wa manachesi. Lamulungu lina, anthu akutuluka m'tchalitchi, ananjutira tonde wa eni ake, tondeyo n'kumangomuyang'ana uku akubzikula. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Mwaonjeza muyezo, aphunzitsi!" anafuula wina.

Tsiku lomwelo ndinakhazikitsa lamulo pakhomo: kunjuta ndi kwa anthu, makamaka a imvi.

"Bambo ake," anatero mkazi wanga, "inu mwaona mbuzi. Ine ndaona milomo. Akathamanga imada ngati wadya mabulosi."

"Ndiye kuti amadya mabulosi."

"Mwezi uno mabulosi ali kuti?"

Funso limenelo m'buku langa munalibe, choncho sindinaliyankhe.

Loweruka lotsatira, dzuwa lili paliwombo, mwanayo anatulukira akuthamangitsa chingerengere cha njinga. Anafika pabwalo ali wefuwefu, n'kuyamba kutsika pamaso pa galu. Ndinamugwira m'khwapa n'kumuimiritsa.

"Ima ngati mwamuna. Uyu ndi galu."

"Ababa, ndisiyeni pang'ono."

Sindinamusiye. Ndinangomva akulemera m'manja mwanga. Milomo bii, zikhadabo bii, maso anatembenuka, mutu n'kugwera paphewa.

Mayi ake anandilanda mwanayo, n'kukhala naye pansi atamukumbatira, miyendo atamupinda ngati khanda. Ine ndinaima pomwepo ndi manja awiri opanda ntchito. Zinatenga nthawi yaitali bwanji, sindifuna kukumbukira. Kenako mwanayo anakoka mpweya, natsegula maso.

"Chingerengere changa chili kuti?"

Kutacha tinajomba kutchalitchi. Tinamubereka mosinthana, kukwera ndi kutsika mapiri, mpaka kuchipatala cha mishoni. Dokotala anamvetsera pachifuwa pake ndi kachubu kwa nthawi ndithu, nayang'ana nsonga za zala. Kenako analankhula kudzera mwa womasulira, ngakhale ndinali nditamudziwitsa kuti Chingelezi ndimachimva. Anati mwanayo anabadwa ndi mtima wosaumbika bwino, magazi ena amangodutsa osakafika kumapapo. Anati mankhwala ake kuno kulibe, ndipo zaka zimene adzakhale ndi moyo iye sangazidziwe.

"Kodi akatopa amanjuta?" anafunsa.

"Kwambiri," ndinatero.

"Musamuletse. Kunjutako n'kumene kumamubwezera mpweya. Ana otere palibe amawaphunzitsa, amadzipezera okha."

Mkazi wanga anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kalendala ya pakhoma, imene inali ndi chithunzi chabwino ndithu cha nkhosa.

"Nanga kuthamangaku timuletse?" anafunsa mayiyo.

"Mungathe?" anatero dokotala, akuloza kumbuyo kwathu.

Tinacheuka. Pabenchi pamene tinamukhazika panalibe munthu.

Tinamupeza panja, atanjuta pafupi ndi mgolo wa madzi amvula, chifuwa chikukwera ndi kutsika, maso ali pa nkhuku imene inali itangomupulumuka. Manja anga anafuna kupita m'khwapa muja. Ndinawabweza. Ndinakoka thalauza m'mawondo n'kunjuta pambali pake, tonse awiri pamaso pa mgolo. Odwala anadzaza pakhonde kutionerera. Ndinakhala choncho mpaka milomo yake itabwerera mwakale, miyendo yanga itachita dzanzi.

"Ababa," anatero, "inunso mwatopa eti?"

"Ndatopa."

"Mukapuma tiigwire. Inu mudzere uko."

Pawindo polipirira, kalaliki anandiuza kuti zonse pamodzi ndi sikisipensi. Ndinapereka osanenerera.