Paipi ya Vani ya Bambo

Lero mwana wanga wakokera pakhomo chivani chomwe chagona zaka makumi awiri ku Mgona. Fungo la oyilo ndi makoswe landibwezera ku Kawale ndili mwana.

Tinalipo ine, bambo, amalume ndi makaniko. Vani ya bambo, yomwe nkhuku zinkaikiramo mazira, inali itatsitsidwa pa njerwa. Ine n'kuti nditalengeza kale kusukulu kuti mawa ndifika pa galimoto, ineyo! Tinakankha mtsetse wonse, fumbi m'kamwa, anzanga akutilondola akuseka. Injini osatsokomola n'komwe!

Titaikwezanso chitunda, thukuta lili kamukamu, bambo akukalipira makaniko, azakhali anatulukira kuseri kwa nyumba.

"Achimwene, mukuvutikiranji? Paipi ya petulo ija ine ndikutchezera kachasu, chaka chachitatu chino."